Kampani ikakupatsani zaulere, funsani chimene ikugulitsa pambali

Browser ya Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, siigulidwa. Khodi (malangizo amene akatswiri amalemba popanga pulogalamu) ya Android, pulogalamu imene imayendetsa mafoni ambiri padziko lonse, aliyense akhoza kuitenga osalipira kanthu. Microsoft imapereka Visual Studio Code mwaulere kwa olemba mapulogalamu, nayonso Meta inatulutsa Llama, pulogalamu yake ya nzeru zamakina (AI), popanda kulipiritsa. Zinthu zimenezi zimalembedwa ndi akatswiri olandira malipiro okwera kwambiri, ndipo makampani amene amawalemba ntchito ali ndi eni masheya ofuna phindu chaka ndi chaka. Nanga n'chifukwa chiyani akugawa ulere chinthu chimene chawadyera ndalama chonchi?

Yankho limene mpaka pano silinasuluke linaperekedwa ndi Joel Spolsky mu June 2002. Mkuluyu anagwirapo ntchito ku Microsoft, m'gulu lopanga Excel, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. M'chaka cha 2000 iye ndi Michael Pryor anayambitsa kampani ya Fog Creek Software ku New York. Pambuyo pake, mu 2008, anatsegula Stack Overflow, webusayiti ya mafunso ndi mayankho a olemba mapulogalamu, pamodzi ndi Jeff Atwood, ndipo pulogalamu ya Trello, imene inabadwira ku Fog Creek, inagulidwa ndi Atlassian mu 2017 pamtengo wa madola 425 miliyoni. Choncho amene ankalankhula ndi munthu wodziwa kugulitsa pulogalamu, osati wongoonerera chapatali. Pa nthawiyo anthu ambiri ankati makampani aakulu ayamba kuthandiza mapulogalamu a open source, amene khodi yake ndi yotseguka kwa aliyense, chifukwa atembenuka mtima. Iye anakana. Anati ndi nkhani ya malonda basi, ndipo mfundo yake ili m'phunziro loyambirira la zachuma.

Mfundoyo ndi iyi. Katundu aliyense pamsika ali ndi anansi a mitundu iwiri. Pali katundu amene angalowe m'malo mwake: mtengo wa uyu ukakwera, wogula amathawira kwa uyo. Palinso katundu woyendera naye limodzi, amene munthu akagula chimodzi amafunanso chinacho. Spolsky anapereka chitsanzo cha ndege ndi mahotela: matikiti a ndege zopita ku Miami akatsika mtengo, zipinda za m'mahotela a ku Miami zimadzaza, ndipo eni mahotela akhoza kukweza mitengo ngakhale kuti iwo sanachitepo kanthu. Ndiye ngati muli ndi hotela, pemphero lanu n'lakuti makampani a ndege achuluke, alimbane, atsitsirane mitengo mpaka phindu lawo litsale pang'ono kutheratu. Kampani yochenjera, malinga ndi Spolsky, siimangopempherera zimenezi. Imagwira ntchito kuti katundu woyendera limodzi ndi wake asanduke katundu wamba, ndiko kuti katundu amene opanga ake ndi ambiri, wofanana yense, moti wogula amangoyang'ana mtengo.

Tiyeni tiike manambala ongoyerekeza. Munthu wakonza madola 1,000 kuti akhale ndi kompyuta yogwira ntchito. Iye alibe nazo ntchito kuti ndalamayo igawidwa bwanji pakati pa wopanga makina ndi wolemba mapulogalamu. Akufuna chinthu choti akayatsa chiyake. Makina akakhala a madola 900, wa mapulogalamu watsala ndi 100. Makina akatsika kufika pa 500, wa mapulogalamu akhoza kulipiritsa 200 koma wogula n'kumaona kuti wapulumutsa 300, komanso anthu ena amene sakanakwanitsa 1,000 amalowa mumsika. Apa ndiye pagona nkhani: nkhondo yaikulu m'malonda a mapulogalamu nthawi zambiri siikhala pakati pa makampani awiri ogulitsa chinthu chofanana. Imakhala pakati pa makampani amene amafunana, amene amatchulana kuti abwenzi pa misonkhano ya atolankhani, kwinaku akukanganirana kuti ndalama ya wogula ithere m'thumba la ndani.

Nkhani imene imaonetsa bwino zimenezi ndi ya IBM ndi Microsoft, ndipo ndi yofunika kuimvetsa pang'onopang'ono chifukwa zonse zam'tsogolo zikungobwereza yomweyi.

IBM inatulutsa kompyuta yake yaing'ono, IBM PC, mu August 1981. Inali pa changu, choncho m'malo mopanga zonse yokha monga inkachitira kale, inagula zipangizo zimene zinalipo kale pamsika. Chip, ubongo wa kompyutayo, inachokera ku Intel. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, DOS, inachokera ku Microsoft, kampani yaing'ono pa nthawiyo, imene nayonso inaigula kwa Seattle Computer Products n'kuikonza. IBM inasindikizanso buku lofotokoza mmene mkati mwa kompyutayo munalili, mwadala, kuti makampani ena apange makadi ndi zipangizo zolumikiza. Maganizo ake anali omwe aja: zolumikiza zikachuluka n'kutsika mtengo, anthu agula makompyuta a IBM ambiri. Ndipo zinaterodi.

Koma mumgwirizano wawo, Microsoft sinagulitse pulogalamu ija kwa IBM. Inangoipatsa layisensi, n'kusunga ufulu wopereka layisensi yomweyo kwa wina aliyense. Pa tsiku losayinirana, ufulu umenewu unkaoneka wopanda ntchito, pakuti panalibe wina wopanga makina ofanana ndi a IBM. Chinthu chimodzi chokha chinkatchinga: kapulogalamu kodzutsa makina akayatsidwa, kotchedwa BIOS, kamene kanali ka IBM mwalamulo. Akatswiri a Compaq anakalemba mwatsopano popanda kukopera, ndipo mu 1983 kompyuta yawo inali pamsika, ikuyendetsa pafupifupi mapulogalamu onse a IBM PC. Mu 1984 Phoenix Technologies inayamba kugulitsa BIOS yotereyi kwa aliyense wofuna. Chitseko chinatseguka. Opanga makompyuta anachuluka ku America ndi ku Asia, mitengo inagwa, phindu pa makina alionse linachepa, koma pafupifupi aliyense wa iwo ankayenera kulipira Microsoft, ndipo ambiri ankagula chip kwa Intel. IBM inayesa kubweza ulamuliro mu 1987 ndi makompyuta a PS/2, amene anali ndi kalumikizidwe kakekake kofuna layisensi, koma msika sunaitsatire. Mu 2005 inagulitsa bizinesi yake yonse ya makompyuta aang'ono kwa Lenovo. IBM inafuna kusandutsa zolumikiza kukhala katundu wamba. Microsoft inasandutsa kompyuta ya IBM yeniyeniyo kukhala katundu wamba.

Spolsky anaona chinthu china chimene ambiri amachidumpha: masewerawa si ofanana mbali zonse. N'kosavuta kuti pulogalamu isandutse makina kukhala katundu wamba, koma n'kovuta kuti makina achite zomwezo kwa pulogalamu. Mukachotsa kompyuta ya Dell pa desiki ya mlembi usiku n'kuikapo ya HP, m'mawa agwira ntchito ngati palibe chachitika. Koma mukamuchotsera pulogalamu imene wailembera kwa zaka khumi n'kumuikira ina, ngakhale yaulere, tsiku limenelo ntchito yaima. Mabatani asuntha, mafayilo akale akutseguka mokhotakhota, matebulo a maakaunti amene wina anawakonza kalekale sakuwerengetsanso bwino. Mtengo wosinthira umenewu ndi umene umateteza wolemba mapulogalamu. N'chifukwa chake Spolsky ankatsutsa anthu onena kuti pulogalamu yopanda mtengo ndiye kuti ilibe zolipira: nthawi yophunzitsa antchito ndi yosamutsa mafayilo ndi ndalamanso.

Palinso khalidwe lina la mapulogalamu limene limachititsa kuti njira imeneyi ikhale yoopsa kuposa m'malonda ena. Wopanga galimoto sangagawe mafuta ulere, chifukwa lita iliyonse imamudyera ndalama. Pulogalamu imadya ndalama zambiri poilemba koyamba, koma kope lachiwiri ndi la miliyoni limatuluka pafupifupi popanda mtengo. Choncho m'malonda a mapulogalamu mtengo wa katundu wa mnzako ukhoza kukankhidwa mpaka kufika pa ziro, n'kukhala pomwepo mpaka kalekale.

Netscape inalawa zimenezi. Inatulutsa browser yake ya Navigator kumapeto kwa 1994, ndipo cholinga china chinali chakuti browser ikafala, makampani azigula mapulogalamu ake a maseva, makompyuta amene amasunga mawebusayiti ndi deta. Koma Microsoft inaona ngozi: ngati anthu azichita zonse mu browser, ndiye kuti Windows isanduka katundu wamba, chinthu chongonyamulira browser. Inayankha ndi Internet Explorer mu 1995, yaulere, kenako n'kuimangirira mu Windows. Mu January 1998 Netscape inalengeza kuti browser yake ndi yaulere ndipo khodi yake itsegulidwa kwa onse, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Chaka chomwecho AOL inalengeza kuti ikuigula pa madola 4.2 biliyoni. Boma la America linasumira Microsoft mu May 1998. Mu 2000 woweruza Thomas Penfield Jackson analamula kuti kampaniyo igawidwe pawiri, koma khoti la apilo linathetsa lamulo logawalo mu 2001, ngakhale linavomereza kuti Microsoft inateteza ulamuliro wake pamsika mophwanya malamulo. Khodi imene Netscape inatsegula ija ndi imene inadzabala Firefox mu 2004.

Za IBM ndi Linux n'zachidule. Kumapeto kwa 2000, mkulu wa IBM Lou Gerstner analengeza kuti kampaniyo iika madola 1 biliyoni pa Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa makompyuta imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. IBM inali itayamba kudalira kwambiri ntchito zaulangizi ndi makina aakulu, ndipo pulogalamu yoyendetsa maseva ikakhala yaulere, kasitomala amatsala ndi ndalama yolipira alangizi. Kupatsa n'kuika. Mu 2019 IBM yomweyo inalipira madola 34 biliyoni kugula Red Hat, kampani imene inalemera pogulitsa chithandizo cha pulogalamu yaulere.

Kampani imene Spolsky anaiseka ndi Sun Microsystems. Sun inkapeza ndalama pogulitsa maseva okwera mtengo. Mu 1995 inatulutsa Java, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndipo lonjezo la Java linali lakuti pulogalamu ukailemba kamodzi iziyenda pa makina alionse. Taganizani bwino: wogulitsa makina akuuza dziko kuti makina alionse ndi chimodzimodzi. Kenako inagula pulogalamu ya muofesi ya StarOffice mu 1999 n'kuitsegula kuti ikhale yaulere. Inali kutsitsa mtengo wa makina ndi wa mapulogalamu nthawi imodzi, osasiya poti idzadyerepo. Spolsky analemba zimenezi mu 2002. Oracle inameza Sun mu 2010 pamtengo wa madola 7.4 biliyoni. Sindikunena kuti Java yokha ndiyo inagwetsa Sun, pakuti maseva otchipa a chip ya Intel oyendera Linux ndi amene anaidya kwambiri, koma amenewo ndi matenda omwewo: katundu wake anasanduka wamba iyo ilibe china chogwira.

Amene anaphunzira bwino phunziroli ndi Google. Ndalama zake zambiri, kuposa magawo atatu mwa anayi mu 2023, zimachokera ku zotsatsa malonda. Kuti munthu aone zotsatsazo amayenera kudutsa pa foni kapena kompyuta, pa pulogalamu yoiyendetsa, ndi pa browser. Aliyense wolamulira limodzi mwa makomo amenewa akhoza kuima pakhomo n'kumalipiritsa Google, kapena kulozera anthu kwina. Ndiye Google inagula Android mu 2005, foni yoyamba inatuluka mu 2008, ndipo chaka chomwecho kunabwera Chrome. Microsoft, imene inkalipiritsa opanga mafoni layisensi ya Windows Mobile, inapezeka ikugulitsa chinthu chimene mnzake akugawa ulere, ndendende zimene iyo inachitira Netscape. Inagula bizinesi ya mafoni ya Nokia mu 2014, ndipo chaka chotsatira inalengeza kuti yataya madola 7.6 biliyoni pa malondawo.

Umboni wamphamvu wakuti Spolsky ankanena zoona uli pa khomo limene Google inalephera kulisandutsa wamba. iPhone ndi ya Apple, ndipo browser ya Safari ndi ya Apple. Pa mlandu umene boma la America linasumira Google, zinaululika kuti mu 2022 mokha Google inalipira Apple madola 20 biliyoni kuti ikhale chofufuzira choyamba mu Safari. Umenewo ndiwo mtengo wa khomo limodzi likakhala m'manja mwa mwini wamphamvu. Mukauona, ndalama zopangira Android zimaoneka zochepa. Mu August 2024 woweruza Amit Mehta anagamula kuti Google inasunga ulamuliro wake pa zofufuzira mophwanya malamulo. Ku Ulaya, mu 2018, European Commission inali itailipiritsa kale chindapusa cha mayuro 4.34 biliyoni chifukwa cha zimene inkakakamiza opanga mafoni a Android, monga kuikiratu Google Search ndi Chrome ngati akufuna Play Store. Khodi inali yaulere, inde, koma sitolo ya mapulogalamu, imene popanda iyo foni siyenda malonda, inali ndi zingwe.

Apatu m'pamene oweruza amavutika. Malamulo a mpikisano, makamaka ku America kuyambira zaka za m'ma 1970, amayang'ana kwambiri ngati wogula wakwezeredwa mtengo. Nanga mtengo ukakhala ziro, wavulala ndani? Wogula amasangalala, ndipo kusangalala kwake si kwabodza: mafoni otchipa a Android afikitsa intaneti kwa anthu miyandamiyanda amene sakanagula iPhone. Wovulala saoneka, chifukwa ndi kampani imene sinabadwe n'komwe. Oika ndalama amene angathandize munthu wofuna kugulitsa browser ndi ochepa. Ngakhale Mozilla, mwini Firefox, amapeza gawo lalikulu la ndalama zake kuchokera kwa Google yemweyo.

Ovulala ena amaoneka. Makampani monga MongoDB, Elastic ndi Redis analemba mapulogalamu abwino osungira ndi kufufuzira deta, n'kuwatsegula kwa onse, poganiza kuti adzapeza ndalama pogulitsa chithandizo ndi malo oyendetsera mapulogalamuwo. Koma makampani obwereketsa maseva, Amazon Web Services patsogolo, anatenga mapulogalamu omwewo n'kumawagulitsa ngati ntchito pa maseva awo, ndipo layisensi inkawalola. Kwa wobwereketsa maseva, pulogalamu yaulere ndi katundu woyendera limodzi wabwino koposa: wina walemba, iye akolola. MongoDB inasintha layisensi yake mu 2018, Elastic mu 2021, Redis mu 2024. Yankho linabwera msanga. Amazon inatenga khodi yakale ya Elastic n'kuyambitsa OpenSearch, ndipo ya Redis inasanduka Valkey pansi pa Linux Foundation. Patapita nthawi Elastic ndi Redis anabwezeretsa malayisensi a open source. Chinthu chikasanduka chaulere, kuchibwezera pa shelefu ya zogulitsa n'kovuta kwambiri.

Palinso funso limene maganizo a Spolsky saliyankha bwino: katundu akasanduka wamba, amamusamalira ndani? Mu April 2014 kunapezeka bowo lotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu imene inkateteza mauthenga achinsinsi pa gawo lalikulu la mawebusayiti. Dziko linadzidzimuka kumva kuti pulogalamu imene mabanki ndi makampani olemera ankaidalira inkasamalidwa ndi anthu owerengeka, ndipo zopereka zimene inkalandira zinali pafupifupi madola 2,000 pachaka. Aliyense ankafuna kuti ikhale yaulere, palibe ankafuna kuilipirira. Zofanana ndi zimenezi zinaonekanso ndi pulogalamu ina yaulere, Log4j, mu December 2021.

Ine ndimaona kuti mfundo ya Spolsky ndi yakuthwa, koma ili ndi vuto la mfundo zonse zokoma: ikhoza kufotokoza chilichonse zinthu zitachitika kale. Kampani ikagawa ulere n'kupambana, timati inasandutsa mnansi wake kukhala wamba. Ikagawa ulere n'kugwa, timati inalakwitsa mnansi. IBM, Netscape ndi Sun onse anasewera masewera amenewa ndipo onse anapsa nawo. Kutsitsa mtengo wa katundu wa mnzako sikuthandiza ngati wako alibe mpanda. Microsoft inali ndi mapulogalamu masauzande olembedwera DOS ndi Windows basi. Google ili ndi chofufuzira chimene chimanka chikhwima anthu akamachigwiritsa ntchito. Nvidia, kampani yopanga ma chip, imapereka CUDA, pulogalamu yolamulira ma chip ake, mwaulere, koma CUDA imayenda pa ma chip a Nvidia okha, ndipo akatswiri amene aizolowera kwa zaka zambiri sasamuka msanga. Komanso si zaulere zonse zimene zili msampha. Torvalds sankagulitsa kanthu pambali mu 1991, ndipo makampani ena amatsegula khodi pongofuna kukopa akatswiri kapena kugawana ntchito yokonza zolakwika. Spolsky mwiniwake ankanena za makampani aakulu, osati za anthu olemba mapulogalamu chifukwa chokonda.

Microsoft yasonyeza kuti malo a mnansi amasuntha. Mu 2001 Steve Ballmer anayerekeza Linux ndi khansa. Mu 2018 kampani yomweyo inagula GitHub, nyumba yaikulu ya mapulogalamu a open source, pa madola 7.5 biliyoni. Mtima sunasinthe, chinasintha ndi gwero la ndalama: itayamba kubwereketsa maseva kudzera mu Azure, Linux inasiya kukhala mdani wa Windows n'kukhala chinthu chobweretsa makasitomala.

Masiku ano nkhondo yomweyi ili pa AI. OpenAI, Anthropic ndi Google amalipiritsa kuti munthu agwiritse ntchito mamodelo awo amphamvu, ndiko kuti mapulogalamu a AI oyankha mafunso. Meta inatulutsa Llama mu 2023 kuti anthu aitenge, ndipo mu July 2024 Mark Zuckerberg ananena poyera kuti kugulitsa mamodelo si bizinesi ya kampani yake, choncho kuwatsegula sikuichotsera ndalama. Meta imadya zotsatsa malonda pa Facebook ndi Instagram, ndipo siifuna kudzaima pakhomo la wina monga imaimira pakhomo la Apple. Layisensi ya Llama 2 inali ndi chiganizo chakuti kampani yokhala ndi ogwiritsa ntchito oposa 700 miliyoni pamwezi iyenera kupempha chilolezo chapadera, kutanthauza kuti ulerewo sunali wa opikisana nawo akuluakulu. Mamodelo akamatsika mtengo, anthu amawagwiritsa ntchito kwambiri, ndipo wogulitsa ma chip ndi wobwereketsa maseva ndi amene amamwetulira.

Stack Overflow ya Spolsky nayo inalowa mumtondo womwewu. Mafunso ndi mayankho mamiliyoni amene olemba mapulogalamu anaika pamenepo ali pansi pa layisensi ya Creative Commons, otseguka kwa aliyense, ndipo Prosus inagula kampaniyo mu 2021 pa madola 1.8 biliyoni. Mayankho otseguka otere ndi chakudya chabwino chophunzitsira mamodelo a AI. ChatGPT itatuluka mu November 2022, chiwerengero cha mafunso atsopano, chimene chinali chitayamba kale kutsika, chinagwa kwambiri, chifukwa anthu anayamba kufunsa makina m'malo mofunsa anzawo. Mu October 2023 kampaniyo inachotsa antchito 28 pa 100 alionse, ndipo mu 2024 inasayina migwirizano ndi Google komanso OpenAI yowapatsa deta yake.